Mawaya akusoloka pa mapegi ong'aluka pamwamba, ndikulakwitsa pati?

Solo_wa_Chipoka
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Kutchalitchi kwathu kuno ku Chipoka kwabwera gitala yamagetsi ya pakaunjika, yopangidwa motengera Stratocaster. Vuto lili kumutu. Mapegi ake si amene tinazolowera aja, okhala ndi kabowo m'mbali koti waya alowe uku n'kutulukira uko. Awa ndi ong'aluka pamwamba ngati mutu wa sikulu, ndipo pakati pa mng'aluwo pali kabowo kolowera pansi. Ndikagoneka waya mu mng'alumo n'kuyamba kupotokola, onenepawo akugwira ndithu, koma B ndi E wamng'ono akumasoloka akangotsala pang'ono kufika pa chuni. Kodi mapegiwa ndi otha, kapena ali ndi kamangidwe kake? Loweruka tili ndi ukwati ku Senga Bay.

Kampango77
Atha amenewo. Kwerani ya ku Lilongwe mukagule seti ina, za pakaunjika n'zimenezo.

Mmisiri_KamuzuRoad
Musawawonongetse ndalama a Kampango. Mapegiwo sanathe, ndi mtundu wakale umene kampani ya Kluson inkapangira magitala a Fender m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo mpaka lero amaikidwabe pa magitala otengera mapangidwe a nthawi imeneyo. Achimwene a ku Chipoka, chimene chikukuvutani n'chakuti kabowo kapakatiko mukukasiya kopanda ntchito. Nsonga ya waya siyenera kutsala panja, imalowa m'kabowomo. Choncho pa mapegi awa waya amayamba wadulidwa kenako n'kumangidwa, pamene pa enawo timamanga kaye n'kudula pomaliza.

Chitani chonchi. Lowetsani waya kuchokera kumsana kwa gitala, adutse m'chitsulo cha buliji chimene chimagwira mawaya pa thupi la gitala, mukoke mpaka mumve kuti kampira ka kumapeto kakhazikika. Mugonekeni m'kanjira kake pa nati, kachidutswa ka tinjira kamene kali pamene khosi limakumana ndi mutu, mumukoke awongoke bwino mpaka pa pegi yake. Kuchokera pa pegipo yezani masentimita 5 kupitirira, womwe ndi mtunda wa mapegi awiri otsatira, n'kudula pamenepo. Potokolani pegi kuti mng'alu uloze kumene waya akuchokera. Lowetsani nsonga m'kabowo molunjika pansi mpaka igunde, osati theka ayi. Ikagunda, pindani wayayo agone mu mng'alu, mupanikize popindapo ndi chala chachikulu. Dzanja linalo liyambe kupotokola. Mkombero woyamba ukatheka, chotsani chalacho pamwamba, mugwire waya chapafupi ndi nati momukoka pang'ono kuti asakhwepe, uku mukumutsitsa pansi. Mkombero uliwonse watsopano uzikhala pansi pa unzake, wosakwerana, kutsika kulowera kuthabwa la mutu.

Za mbali: waya adutse kumbali ya kamzati imene ili kutali ndi timakutu topotokolera. Mukayang'ana kuchokera pa nati, azioneka wolunjika osakhota. Akakhota ndiye kuti mwazunguliza mobwerera.

Solo_wa_Chipoka
Zikomo kwambiri bambo. Nanga B ndi E ali kumapeto kwa mutu, kutsogolo kwawo kulibe mapegi awiri oti ndiyezere. Ndipanga bwanji?

Mwera265
Rula ya mwana wasukulu ikwana. Popanda rula, tsinani waya pa pegi yake ndi zala ziwiri, mubwerere naye m'mbuyo mapegi amene mukufuna osamutaya, ndiye mudule pamene pafika polunjika ndi pegi yake ija. Mtunda wake ndi womwewo, mwangouyeza chobwerera.

NaChia_Rhythm
A Mmisiri afotokoza bwino koma pa masentimita 5 paja sindikuvomereza kuti akhale a mawaya onse. M'pamene anthu ambiri amagwera, ndipo n'chifukwa chake B ndi E akusoloka. Tiyeni tiwerengere. Kamzati ka pegi n'konenepa pafupifupi mamilimita 6, ndiye mkombero umodzi umadya masentimita 2 kapena kuchepera pang'ono. Pa masentimita 5 aja, imodzi ndi kanthu yapita m'kabowo, zotsala zikupatsani mikombero iwiri basi. Kwa E wamkulu, A ndi D iwiriyo ndi yokwanira, chifukwa ndi okhakhala, amaluma kamzati okha. Koma waya wopyapyala wa saizi 9 kapena 10, monga E wamng'ono, ndi wosalala, ndiponso m'kabowomo amangosambira chifukwa kabowoko kanabooledwa kuti mulowe ngakhale wonenepa wa saizi 46. Mikombero iwiri singamugwire.

Ine ndinganene motere. E wamkulu ndi A, masentimita 5. D, masentimita 6. G, B ndi E wamng'ono, masentimita 7 mpaka 8, kapena kuti mapegi atatu. Mukatero ang'onowo apeza mikombero itatu kapena inayi. Ukadula motalikitsa ukhoza kuchepetsa, koma ukafupikitsa wayayo wapita, ndiye poyamba kuphunzira ndi bwino kulakwira kotalika.

Mmisiri_KamuzuRoad
Zoona amayi, pa ang'onowo mapegi atatu. Koma pa E wamkulu musapitirire mikombero itatu. Kamzati ka mapegi amenewa n'kakafupi. Waya wa 46 akazungulira kanayi amafika pa kamphete ka pansi, mkombero wotsatira umakwera pa unzake, ndiye chuni sichikhazikika chifukwa mikomberoyo imakhala ikusunthasuntha mukamaimba.

Kampango77
Ntchito yonseyi chifukwa cha waya mmodzi? Ma locking tuner ukalowetsa, kumanga kasikulu kumbuyo, kudula, basi wathana nazo.

Bass_ya_Benga
Nanga muwagulira ndinu? Kkkk. Komanso si kungochotsa awa n'kuika awo. Mabowo a pamutu wa gitala ya mapegi akalewa ndi ang'ono, sakwana mamilimita 9, pamene mapegi ambiri amakono amafuna a mamilimita 10. Ndiye mukulitse mabowo sikisi, ndipo kalipentala akalowetsa dirilo mwachisawawa penti imagamphuka, mwina thabwa kung'aluka pakati pa mabowo awiri. Alipo ma locking opangidwa mu saizi yakaleyo, koma kuno simuwapeza chisawawa.

Ndipo a Kampango mukuwanyozawa ali ndi ubwino umene enawo alibe. Nsonga yabisika mkati, sibaya chala, sing'amba chikwama. Chachiwiri, ukhoza kumasula waya, kuzula mikombero yonse pa kamzati ili yopiringizika choncho, kugwira ntchito yako pa khosi kapena pa mapikapu, n'kuibwezera mmene inalili. Pa mapegi a kabowo ka m'mbali, waya wodulidwa kale kumubwezera ndi nkhondo. Ife a bass takhala ndi mapegi ong'aluka kuyambira kale, Precision ndi Jazz Bass ndi momwemo.

Solo_wa_Chipoka
Ndayesa pa B, masentimita 8, wagwira. E wamng'ono wasolokanso, chala chikangochoka pamwamba nsonga ikudumpha kutuluka m'kabowo.

NaChia_Rhythm
Ameneyo ndiye wovuta pa onse. Njira zilipo zingapo, sankhani imodzi.

Imene ndimaikhulupirira ndi yodutsitsa kawiri mu mng'alu. Nsonga ikagunda pansi ndipo mwapinda, musayambe kupotokola. Ndi dzanja, zungulizani waya theka la kamzati, mbali imodzi yokha ya mng'alu, mumulowetsenso mu mng'alumo kuchokera mbali inayo, atuluke. Apa ndiye yambani kupotokola mwa nthawi zonse. Wayayo wapindika malo atatu pa ngodya za chitsulo, sangasolokenso ngakhale mumukoke bwanji. Ingoonetsetsani kuti potuluka kachiwiriko akulowera mbali yoyenera, kuti mikombero isabwerere.

Ina ndi yopinda nsonga. Tengani pulayala ya kukamwa kosongoka, pindani mamilimita 5 a kumapeto abwerere m'mbuyo ngati kambedza, mufinye pang'ono, n'kulowetsa. Kambedzako kamatambasuka mkati n'kukakamira m'makoma a kabowo. Onjezerani theka la sentimita poyeza chifukwa cha kupindako.

Mwera265
Kapena kamtengo ka machesi. Waya akalowa, tsekerani kabowo ndi kamtengo kosongola, mukamaliza kuchuna n'kukazula.

Mmisiri_KamuzuRoad
Za machesizo zimagwira, koma kamtengo kakathyokera mkati mwadzipatsa ntchito ina, makamaka kuno kunyanja kumene kamafufuma ndi chinyezi. Ngati mukufuna chotsekera, gwiritsani ntchito kachidutswa kamene mwadula ku waya wa D kapena A, musiye kambali kotulukira kunja koti mukokere. Komabe njira yoyamba ya amayi aja ndi yaukhondo kuposa zonsezi.

Ndipo popeza tanena za zothyokera mkati: musanamange waya watsopano, unikani ndi tochi ya foni m'kabowo kalikonse. Gitala ya pakaunjika nthawi zambiri mumapezeka nsonga za mawaya akale zitatsalira, zadzimbiri. Zikakhala mmenemo waya watsopano sagunda pansi, amalowa mamilimita atatu okha, ndiye kusoloka. Tembenuzani gitala mutu uyang'ane pansi, gogodani kumbuyo kwa pegi ndi chala. Zikakana, tokosani ndi singano yosokera, kapena yandikizani maginito a sipika yakufa.

Solo_wa_Chipoka
Eee! Mu pegi ya E muli kachidutswa ndithu, kakuda ndi dzimbiri. Katuluka ndi singano.

Bass_ya_Benga
Ndiye mwapeza wakuba.

Dwangwa_Lead
Ndiwonjezereko chimodzi chimene sichinanenedwe, chokhudza onenepa aja. Waya wonenepa ali ndi waya wamkati ndi wina wokulunga pamwamba. Ambiri amene timagula, monga D'Addario XL ndi Ernie Ball Slinky, wamkatiyo ali ndi ngodya sikisi, ndiye wokulungayo amaluma pa ngodyazo, ukadula sipachitika kanthu. Koma ilipo mitundu ina imene wamkati ndi wobulungira. Umenewo ukaudula usanaupinde, chokulungacho chimamasuka mkati mosaoneka ndi maso, waya watsopano n'kumalira ngati wakufa, ndipo pa fureti ya 12 sagwirizana ndi anzake ngakhale musunthe sadulo, kachitsulo ka pa buliji kamene waya amagonapo, mpaka kumapeto. Pa mapegi a m'mbali vutoli silioneka chifukwa timadula waya atalimba kale. Pa awa timadula poyamba, ndiye chizolowezi chabwino n'chakuti pindani kaye ngodya yeniyeni ndi pulayala, kenako mudule sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono kutsogolo kwa popindapo. Kachidutswa kopindikako ndi kamene kalowe m'kabowo, ngodyayo n'kukhala mu mng'alu. Poyeza kumbukirani kuti masentimita 5 aja akuphatikiza kachidutswako, ndiye pindani pa 4, dulani pa 5.

Ngati simukudziwa kuti mwagula mtundu uti, ingopindani. Palibe chimene mutaye.

Mai_Alto
Pepani ndilowerere, ine si woimba gitala, ndimangosunga zida za kwaya. Anyamata athu amachotsa mawaya onse sikisi nthawi imodzi, wina anati zimapinda khosi. Zoona?

Mwera265
Bodza limenelo amayi. Khosi silipindika chifukwa chokhala ola limodzi lopanda mawaya. Akonzi amachotsa onse akafuna kupukuta mafureti.

Dwangwa_Lead
Khosi silivutika, zoona, koma pa Stratocaster pali nkhani ya buliji. Kumsana kuli masipuling'i, kawirikawiri atatu, amene amakokana ndi mawaya. Seti ya 10 mpaka 46 imakoka ndi mphamvu yoposa makilo 45, ya 9 mpaka 42 imachepera makilo 40. Ngati buliji inaikidwa moyandama, yotukuka pang'ono kumbuyo, mukachotsa onse masipuling'i amaigwetsera pa thabwa, ndipo pomanga atsopano mukachuna uyu winayo watsika, kuzungulira kasanu kapena kupitirira musanakhazikike. Kwa munthu amene akuphunzira mapegi ong'alukawa ndi bwino kusintha mmodzimmodzi, kuyambira E wamkulu. Oyandikana nawo amakhala chitsanzo cha mbali yozungulizira. Mukafuna kuchotsa onse, pindani kakatoni mukalowetse pansi pa buliji kumbuyo kwake musanamasule.

A ku Chipoka, mawaya amene munachotsa anali a saizi yanji, ndipo mwagula anji?

Solo_wa_Chipoka
Akalewo sindikudziwa, anali ofewa kwambiri. Atsopanowa alemba 10, 13, 17, 26, 36, 46.

Dwangwa_Lead
Ndiye mwina munali 9 mpaka 42, mwakwera saizi. Mukamaliza kuchuna yang'anani buliji cham'mbali. Ikatukuka kumbuyo kuposa mamilimita atatu, tsegulani chivundikiro cha kumsana, mumange masikulu awiri aatali amene agwira chitsulo chokolekapo masipuling'i. Theka la mkombero uku, theka uko, chunaninso, yang'ananinso. Ngati kutchalitchi kwanu palibe amene amagwiritsa ntchito kandodo kogwedezera, mangani mpaka buliji igone pa thabwa. Mukatero waya mmodzi akaduka pakati pa nyimbo, asanu otsalawo satuluka mu chuni, ndipo pa ukwati chimenecho n'chofunika kuposa kugwedeza.

Kampango77
Sebene pa 10? Zala zituluka matuza. 9 ndiye waya wa solo.

NaChia_Rhythm
Khosi la Fender ndi lalitali, mainchesi 25.5 kuchokera pa nati kufika pa buliji, pamene la Gibson ndi 24.75. N'chifukwa chake 10 pa Stratocaster amamveka wolimba kuposa 10 yemweyo pa Les Paul. Pamenepo a Kampango muli ndi mfundo. Koma gitala ya kwaya imagwiridwa ndi manja ambiri, ena amakhwapula ndi piki ngati akuimba gitala yopanda magetsi, ndiye 9 sachedwa kuduka. Kwa gitala ya gulu 10 ali bwino.

Chikuni_Lifuwu
Inu mukukamba za saizi, ife kuno vuto ndi dzimbiri. Waya watsopano masabata awiri wada kale, makamaka nyengo ya mvula. October ndiye thukuta lokhalokha. Kodi kuwiritsa mawaya kumathandiza? Ena amatero.

Bass_ya_Benga
Kuwiritsa ndi kwa bass. Mawaya athu ndi okwera mtengo ndipo chimene chimawapha ndi litsiro ndi mafuta a m'manja zolowa m'mipata ya chokulunga. Mphindi 10 mpaka 15 m'madzi owira, kupukuta, kuyanika pa dzuwa mpaka aumiretu, amayambanso kulira kwa kanthawi. Kuposa madzi, anyikeni mu sipiliti usiku umodzi m'botolo lotseka, chifukwa sipiliti sasiya chinyezi mkati. Asadonthere pa penti ya gitala. Apanso mapegi ong'aluka amathandiza, poti waya amachoka ndi mikombero yake n'kubwerera osawongoledwa. Kuwongola ndi kupindanso malo amodzimodzi n'kumene kumathyola waya.

Koma G, B ndi E a gitala ndi chitsulo chosakulungidwa. Dzimbiri likadya ladya, madzi angowonjezera.

Mmisiri_KamuzuRoad
Mankhwala a dzimbiri ndi kansalu kouma. Mukangomaliza kuimba, kalowetseni pansi pa waya aliyense, mutsine, mukoke kuchokera pa buliji mpaka pa nati. Pansi pa waya m'pamene thukuta limabisala, pamwamba pokha sipokwanira. Sambani m'manja musanagwire gitala, makamaka mukadya usipa kapena chilichonse chamchere. Gitala izikhala m'chikwama, osati yokolekedwa pa khoma la tchalitchi sabata yonse, ndipo m'chikwamamo ponyanimo timapaketi ta timibulu toyamwa chinyezi timene timabwera m'makatoni a nsapato. Tikakhuta tiyanikeni pa dzuwa.

Ena amathamangira mawaya a stainless. Onenepa atatuwo amapiriradi dzimbiri, koma ang'onowo nthawi zambiri ndi chitsulo chomwecho cha m'maseti ena, ndiponso stainless amadya mafureti msanga. Okutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, monga Elixir, amakhalitsa kunyanja kuno, mtengo wake ndiye umaluma.

Chikuni_Lifuwu
Nanga waya wa buleki ya njinga? Anyamata a magitala opanga okha amasula chingwe cha buleki n'kutenga kamodzi.

Mwera265
Pa banjo ya chigubu inde. Pa gitala yamagetsi alira ndithu poti ndi chitsulo ndipo pikapu ndi maginito, koma alibe kampira kogwira ku buliji, ndi wopiringizika chifukwa anapotedwa ndi anzake, ndipo saizi yake simuidziwa. Chuni chake pa mafureti akumtunda n'chabodza.

NaChia_Rhythm
Chimodzimodzi mawaya a gitala yopanda magetsi, ofiirira aja. M'mashopu ena a m'maboma athu ano amakupatsa amenewo ukangoti ndikufuna mawaya a gitala. Chokulunga chake ndi mkuwa, maginito saumva, amangomva waya wamkati. Zotsatira zake onenepawo amamveka motsika, ang'onowo n'kumabaya m'makutu. Pa paketi pazilembedwa kuti electric, ndipo mawayawo akhale otuwa ngati siliva.

Samalaninso ndi achinyengo oikidwa m'mapaketi a makampani odziwika. A D'Addario timipira tawo timakhala ta mitundu: E wamkulu kamkuwa, A kofiira, D kakuda, G kobiriwira, B kapepo, E wamng'ono kasiliva. Zimathandiza kuti usasokoneze mawaya ukawatulutsa onse, koma si umboni woti ndi enieni poti achinyengo amapentanso. Umboni wabwino ndi nambala imene imasindikizidwa pa kathumba kamkati, imene ungaitsimikize pa webusaiti yawo.

Solo_wa_Chipoka
Onse sikisi alowa tsopano, E wamng'ono ndadutsitsa kawiri mu mng'alu monga mwanenera. Palibe amene akusoloka. Koma ndikaimba pang'ono onse akutsika, ndipo G akundisowetsa mtendere. Ndikamapotokola sasuntha, kenako amalira kuti ting' n'kudumpha kupitirira.

Kampango77
Ndinanena ine kuti mapegiwo ndi otha.

Mmisiri_KamuzuRoad
Ayi ndithu. Pegi yakutha imadziwika ndi kupotokoka mopanda kanthu, khutu likuyenda kamzati kali chiimire, kapena kamzati kugwedera ukakagwira. Zimene akunenazi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo palibe cha pegi.

Kutsika kwa onse ndi kwa waya watsopano. Mikombero sinakhazikike, kampira sikanakhale bwinobwino m'malo mwake. Chunani, kenako gwirani waya pa fureti ya 12, mumutukule masentimita awiri mofatsa, dzanja linalo litapanikiza pafupi ndi nati kuti asatuluke m'kanjira. Muone kuti watsika. Chunaninso, kokaninso, mpaka mutakoka iye osatsika. Kawirikawiri katatu kapena kanayi. Pa E wamng'ono chepetsani mphamvu. Ndipo nthawi zonse fikani pa chuni mukukwera. Mukapitirira, tsikani pansi ndithu n'kukweranso, chifukwa mano a giya ali ndi kampata, mukaimira potsika kampatako kamadzatseka kokha muli pakati pa nyimbo.

Kulira kwa ting' kuja ndi nati. Kanjira kake kanasemedwa pa waya wa 16, inu mwaikamo wa 17, ndiye akupanikizika. Mukapotokola, mphamvu ikuunjikana pakati pa pegi ndi nati, kenako n'kuphulika kamodzi. Masulani G, mumutulutse m'kanjira, mupakemo chakuda cha pensulo yosongoka mpaka mude. Chitani chimodzimodzi m'tinjira tonse ndi pansi pa kachitsulo kopanikiza B ndi E pamutu paja. Zikapitirira, pindani kasandipepa kosalala kwambiri, ka 600 kapena kuposa, mudutsitse m'mbali mwa kanjirako kawiri kapena katatu. M'mbali mokha, osati pansi. Mukakumba pansi waya ayamba kukhudza fureti yoyamba, ndipo kukonza kwake ndi nati ina.

Dwangwa_Lead
Pa G pomwepo pali chinanso. B ndi E ali ndi kachitsulo kowapanikiza, koma pa magitala ambiri a mtundu umenewu G ndi D alibe. Mutu wa Fender ndi wowongoka, sunapendekere kumbuyo, ndiye chimene chimapanikiza G pa nati ndi kutsika kwa mikombero pa kamzati. Akakhala ndi mikombero iwiri yokha pamwamba, amachoka pa nati ali pafupifupi chogona, ndiye ukamuimba osagwira fureti amamveka ngati muli kanjuchi. Pa G ndi bwino kupatsa masentimita 8 kapena 9 kuti mkombero womaliza ufike pansi penipeni. Mungayese: imbani G, panikizani ndi chala kuseri kwa nati. Phokoso likatha, vuto ndi limenelo.

Ndipo musaiwale kulowetsa B ndi E pansi pa kachitsuloko asanalimbe. Kumukakamiza atalimba kale kumathyola waya kapena kuzula kasikulu.

Mai_Alto
Nanga mapegiwo amafuna mafuta? Athu ena ndi olimba kupotokola.

Mmisiri_KamuzuRoad
Kumbuyo kwa pegi iliyonse ya mtundu wakalewu kumakhala kabowo kakang'ono pa chivundikiro. Kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera, kapena Vaseline pang'ono pa nsonga ya singano, kenako potokolani uku ndi uku waya atamasulidwa. Kamodzi pa chaka n'kokwana. Mafuta ophikira ayi amayi, amauma n'kusanduka phula, fumbi la mwera n'kumatirirapo. Mafuta asafike pa kamzati kapena m'kabowo ka waya, mukatero kusoloka kuyambiranso. Onaninso timasikulu ta kumbuyo. Pa mapegi awa sikulu imodzi imagwira mapegi awiri oyandikana, ndiye imodzi ikakhwepa awiri agwedera. Mangani ndi sikuludiraiva yokwana bwino, mofatsa, chifukwa mitu yake imathyoka msanga. Bowo likakula, lowetsanimo kamtengo ka machesi ndi kaguluu wa matabwa, liume, n'kubwezera sikulu.

Chikuni_Lifuwu
Popeza akatswiri mwasonkhana, bwanji mawaya amaluma m'zala tikamaimbira jenereta? Mlomo ukakhudza maiki ndiye zoopsa.

Dwangwa_Lead
Imeneyo si nkhani yoseka. Mawaya a gitala analumikizidwa ku earth kudzera pa buliji. Pa Stratocaster muona kawaya kowotcherera pa chitsulo cha masipuling'i kumsana. N'chifukwa chake kulira kwa mmm kumachepa ukagwira mawaya, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Koma akamaluma ndiye kuti ampu kapena mikisa ilibe earth, kapena zida zili pa masoketi olumikizidwa mosiyana, ndipo thupi lanu ndi limene lasanduka njira ya magetsi pakati pa gitala ndi maiki. Zimitsani. Onani mapulagi ngati mwendo wachitatu ulipo ndipo ndi wolumikizidwa, zida zonse zichokere pa ekisitenshoni imodzi ya mawaya atatu, ndipo wamagetsi aone earth ya jeneretayo. Ena amadula kawaya ka kubuliji kuti kuluma kuthe. Kumeneko ndi kubisa vuto, ampuyo ikadali yoopsa kwa aliyense wogwira jeki. Pamchenga wonyowa wa kunyanja osavala nsapato ndiye musayerekeze.

Solo_wa_Chipoka
Pensulo yathandiza, G wasiya kudumpha. Buliji inatukukadi, ndamanga masikulu mpaka yagona. Chatsala n'chakuti mawaya osagwira ali pa chuni, koma ndikakwera kumtunda kwa khosi makodi akumveka osemphana.

NaChia_Rhythm
Mwasintha saizi ya mawaya ndi kakhalidwe ka buliji, ndiye masadulo ayenera kusunthidwa. Koma yambani mwaona khosi, chifukwa 10 akulikoka kwambiri kuposa 9. Ikani kapo, kachopanira mawaya pa khosi, pa fureti yoyamba, panikizani E wamkulu pa fureti yomaliza, muyang'ane mpata pakati pa waya ndi fureti ya 8. Uzikhala pafupifupi kota ya milimita, woti kakhadi kopyapyala kalowe mokhudza. Ukakula, truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi, imangidwe kota ya mkombero, mudikire, muonenso. Ngati gitala yanu yatengera zakale mpaka kumeneko, sikulu yake ili kuchidendene cha khosi, ndiye mpaka kumasula khosi pang'ono. Zimenezo musazichite usiku wa Lachisanu. Ngati mpatawo sunanyanye, zisiyeni mpaka ukwati udutse.

Za masadulo n'zosavuta. Chunani waya osagwira, kenako mugwire pa fureti ya 12 ndi mphamvu imene mumaimbira, muone pa chuna, choyezera chuni. Akakwera kupitirira, sadulo ibwerere m'mbuyo kutali ndi khosi, kutanthauza kumanga kasikulu ka kumbuyo kwa buliji. Akatsika, masulani kasikuluko sadulo ipite kutsogolo. Masulani waya pang'ono musanakoke sadulo m'mbuyo, ndipo chunaninso mukasuntha kulikonse. Gitala muigwire mmene mumaimbira, osati itagona pa tebulo, chifukwa kulemera kwa khosi kumasintha chuni. Chuna cha pa foni chimasokonezeka ndi phokoso, ndiye lumikizani ku ampu m'chipinda chachete, kapena pezani chopanira kumutu chija.

Bass_ya_Benga
Chopaniracho chimadya batire ya CR2032, ya mawotchi ndi marimoti a galimoto, tengani yapadera. Mutengenso E wamng'ono ndi B apadera, pulayala yodulira ndi singano ija m'chikwama. Waya akadukira pa kamzati pakati pa phwando, nsonga imatsalira m'kabowo, ndipo popanda singano watsopano salowa.

Kampango77
Nanga pa bass mumayezanso mapegi awiri?

Bass_ya_Benga
Timizati tathu n'tonenepa, mkombero umodzi umadya masentimita anayi kapena kuposa, ndiye timasiya masentimita 10 mpaka 12 kuti ipezeke iwiri kapena itatu. A amafuna yochulukirapo pa chifukwa chomwe a Dwangwa anena pa G, poti kachitsulo kopanikiza kamagwira D ndi G okha. Ndipo pogula onani kutalika kwa seti. Bass ya mainchesi 34 imafuna long scale. Mukaika amenewo pa bass yaifupi ya mainchesi 30, gawo lonenepa la E limafika pa kamzati, ndipo mawaya osalala pamwamba otchedwa flatwound akapindidwa pamenepo amathyoka. Pa kamzati pazizungulira gawo lopyapyala la kumapeto, lokutidwa ndi ulusi lija.